Python ndi khasu labwino, koma si la munda uliwonse

Mwana wa kwa Nchilamwela akapeza malo ophunzira zamakompyuta, kaya ndi ku MUST yomwe inatsegulidwa kuno ku Thyolo mu 2014, kaya ndi kwina, amamva anzake akukangana: kodi Python ndiyo yoyenera kuigwiritsitsa polemba mapulogalamu? Ine ndati ndiikepo mlomo, poti fizi ya mwanayo imachokera m'thukuta la makolo othyola tiyi.

Ubwino wake ngosabisika. Chiitulutsireni Guido van Rossum mu 1991, Python njaulere, ndipo sivuta kuwerenga. Kalaliki wa pa esiteti ataiphunzira, angathe kulemba mizere yochepa chabe yowonkhetsa makilogalamu a masamba amene aliyense wathyola, nkuwerengetsa malipiro osadikira katswiri wa ku Blantyre.

Komatu abale, zofooka zilipo. Imachedwa poyerekeza ndi C, chifukwa kompyuta imachita kumasulira malamulo ake ntchito ili mkati. Chachiwiri, ambirife intaneti timaipeza pafoni, pamene mapulogalamu a Android amalembedwa makamaka mu Kotlin ndi Java. Chachitatu, Python 3 itabwera mu 2008, mapulogalamu ambiri akale anakana kuyenda, ndipo mu 2020 eni ake anasiyiratu kusamala Python 2. Amene anadalira yakaleyo anayenera kukonzanso ntchito yawo.

Tsono maganizo anga ndi awa: mwana ayambire pa Python, koma asagonere pomwepo. Aphunzitsi alimbikire kumuphunzitsa kaganizidwe kothetsera vuto, kuti bwana akadzafuna Java, mwanayo asadzabwerere kumudzi ndi pepala lokha m'manja.