Wantchito akadwala nthawi yaitali, amamulipira ndani?

Anthu ambiri m'boma la Mecanhelas ali ndi abale kutsidya la malire, ndipo za malamulo a ntchito amazimva kuchokera ku Malawi kuposa ku Lichinga. Apa ndi pamene pamayambira chisokonezo. Ku Malawi, lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 akadwala, bwana amulipire malipiro onse kwa milungu inayi, ndi theka la malipiro kwa milungu isanu ndi itatu. Kuno ku Mozambique dongosolo ndi lina. Katundu ameneyu anasenzetsedwa bungwe la INSS, osati bwana.

INSS inakhazikitsidwa mu 1988, ndipo lamulo la chitetezo cha antchito linatuluka mu 1989. Mwezi uliwonse bwana amayenera kupereka 4 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito nadulidwa 3. Wantchito akadwala, atapereka chikalata cha kuchipatala, INSS imamulipira gawo la malipiro ake, lomwe malamulo a 2017 anaika pa 70 pa 100 iliyonse, kwa masiku osapitirira 365. Lamulo la ntchito la 2007 linkalola bwana kusalipira masiku a matenda, poganiza kuti INSS ndiyo itseke mpatawo.

Papepala zonse zikuoneka bwino. Vuto ndi lakuti ndalamazo zimatuluka pokhapokha wantchito atasonkha miyezi isanu ndi umodzi m'chaka chimene chapita. Ndipo kusonkha si kudulidwa chabe. Alipo mabwana amene amadula gawo la wantchito mokhulupirika mwezi ndi mwezi, koma ku INSS osatumiza kanthu. Wantchito amazindikira zimenezi ali kale gone pamphasa, bwana ataimitsa malipiro, INSS ikumuuza kuti dzina lake lilibe zopereka. Munthu wa chifuwa chachikulu, amene amamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, angathe kutha nthawi yonseyo wopanda ndi tambala yomwe, pamene anawo akufuna nsima.

Chaka chikatha munthu asanachire, mlandu umapita ku Junta de Saúde, kuti madokotala aone ngati angathe kubwerera kuntchito. Akalephereratu, pali penshoni ya kulumala, koma imafuna miyezi 30 ya zopereka m'zaka zisanu zapitazo. Kodi wantchito wa nyengo, wogwira miyezi itatu pa msika wa fodya kenako n'kubwerera kumunda, angaifikire liti miyezi imeneyi?

Tinene zoona, ambiri kuno alibe n'komwe bwana: asodzi a ku nyanja ya Chirua ndi Chiuta, alimi a fodya, amayi ogulitsa pa siteshoni ya Entre Lagos. Kuchokera mu 2015 anthu odzilemba okha ntchito amaloledwa kulowa mu INSS, koma 7 pa 100 yonseyo amalipira okha. Wosalowa amatsala ndi chithandizo cha INAS cha okalamba, olumala ndi odwala matenda okhalitsa, chimene mu 2018 chinaikidwa pa 540 meticais pamwezi kwa munthu wokhala yekha, ndipo kawirikawiri chimachedwa.

Amene ali pantchito yolembedwa asadikire matenda. Afunse nambala yawo ya INSS, apite akaone ngati miyezi yonse inalowa, ndipo akapeza mpata akadandaule kwa oyendera ntchito mphamvu zikadalipo.