NYUMBA ZA MAPHUNZIRO NDI CHUMA CHA MTUNDU WONSE

Makolo ambiri a m'boma la Mulanje, ochokera ku Limbuli, ku Chitakale ndi ku Likhubula, amaidziwa Great Hall ya ku Zomba chifukwa cha tsiku limodzi lokha, ndilo tsiku limene mwana wao alandira digiri. Komatu nyumba imeneyi ili ndi mbiri yoyenera kuti anthu onse aidziwe.

Pamene Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965, Chancellor College inali ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. M'chaka cha 1973 sukuluyi inasamukira ku Chirunga, ku Zomba, kumene Boma linamanga zipinda zophunziriramo, nyumba ya mabuku ndi nyumba zogona ophunzira. Holo yaikuluyo inadza pambuyo pake, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, Dr. H. Kamuzu Banda ali Chansala. Kuyambira pamenepo m'nyumbamo mwachitika miyambo yopereka madigiri, misonkhano ya anthu ophunzira, zisudzo ndi maimbidwe. M'chaka cha 2021 makoleji anapatukana, ndipo sukulu ya ku Chirunga ndiyo inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi.

Tsono awerengi aone dongosolo limeneli: zipinda zophunziriramo zinayamba, holo inatsatira. Digiri imaperekedwa m'holo, koma imapezeka ndi thukuta la m'kalasi ndi m'nyumba ya mabuku. Motero kusamala holo yokha chifukwa alendo amaiona, kwinaku denga la kalasi likudontha, ndiko kusesa pabwalo m'nyumba muli zinyalala.

Ndalama zomangira ndi kukonzera nyumba zotere ndi za anthu onse, kuphatikizapo wothyola tiyi ku Mulanje ndi mlimi wa nanazi amene mwina sadzapondamo phazi. Chifukwa chake wophunzira amene aphwanya zenera pa nthawi ya mkangano saononga cha akuluakulu a sukulu ai, koma cha makolo ake omwe, ndiponso cha mng'ono wake amene akali m'mbuyo.

Mau amenewa akukhudzanso sukulu ya anamwino ndi azamba ya pa Mulanje Mission, ndi yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa m'boma loyandikana nalo la Thyolo m'chaka cha 2014. Oyang'anira sukulu zimenezi apatule ndalama zokonzera chaka ndi chaka, asadikire kuti khoma ligwe. Ophunzira nawo asunge chimene anachipeza chili bwino, kuti obwera m'mbuyo adzachipezenso chotero.