Mphale yokonola kale saikonolanso

Mwezi wathawu pasukulu pathu panafika mtsikana wa Fomu 3 kuchokera ku Mchinji. Bambo ake anawasamutsira kuno pantchito. Anabwera ndi kalata ya ahedi a kumene amaphunzira komanso lipoti la teremu yapitayo. Ahedi athu anawerenga, n'kumulozera kalasi, basi nkhani inathera pomwepo. Palibe anamuuza kuti abwerere Fomu 1 poti masamu anamuphunzitsa ndi mphunzitsi amene ife sitimudziwa. Silabasi ndi imodzi, mayeso a MANEB ndi amodzi, ndiye zimene mwana waphunzira amayenda nazo kulikonse kumene wapita.

Tsiku limenelo ndinakumbuka za ine mwini. Ndinakhala zaka zitatu pakoleji ya boma yosula aphunzitsi ndipo ndinatuluka ndi dipuloma. Nditagwira choko zaka zingapo ndinaganiza zokatenga digiri, ndipo ndinafunsira malo kumayunivesite awiri a boma. Kwina anandiuza kuti ndikayambire chaka chachitatu, kwinako chaka chachiwiri. Pepala ndi lomwelo, mutu ndi womwewo. Nditafunsa chifukwa chake, yankho linali lakuti komiti ndiyo inaona choncho. Kumene amandipatsa chaka chachitatu kunali kutali ndi banja langa, ndipo kufupi kuno ndikanayenera kulipiranso chaka chathunthu n'kumaphunzira zimene ndinakhoza kale. Mpaka lero digiriyo ndikungoimva kwa anzanga.

Abale anga, nkhani yagona pa chimene kusukulu zaukachenjede amachitcha makirediti. Phunziro lililonse limene munthu watenga n'kukhoza limakhala ndi muyezo wake, kutengera maola amene wathera pa phunzirolo. Makirediti akakwana, munthu amalandira dipuloma kapena digiri. Funso ndi lakuti, munthu akachoka pakoleji ina kupita pa ina, makirediti akewo amanyamuka naye kapena amatsala pageti?

Maiko ena funsoli analiyankha ndi lamulo. Ku United States of America, chigawo chilichonse chimayendetsa chokha makoleji ake a boma. Ku Florida anagwirizana kale mu 1971 kuti wophunzira amene wamaliza zaka ziwiri pakoleji yaing'ono ya boma n'kulandira pepala lake azipatsidwa malo pa imodzi mwa mayunivesite a boma. Anakonzanso zoti phunziro lofanana lizikhala ndi nambala imodzi m'makoleji onse a boma, kuti pasamakhale kukangana ngati masamu a kuno ndi ofanana ndi a uko. Ku California lamulo la 2010 linanena kuti amene watsiriza makirediti 60 pa digiri yaing'ono yokonzedwera kusamukira kuyunivesite azilandiridwa ku California State University ngati wa chaka chachitatu, ndipo akapitiriza kosi yofanana asamusenzetse makirediti oposa 60 ena kuti amalize. Lamulolo silimulonjeza nthambi ya yunivesite imene mtima wake ukufuna, koma malo amakhala otsimikizika. Chimene chimandikhudza n'chakuti mwana wa kumeneko amadziwa njira yonse asanalipire n'komwe fizi ya chaka choyamba.

Kwathu kuno mayunivesite a boma achuluka. Kuchokera mu 2021, pamene University of Malawi inagawidwa patatu, tili nawo asanu ndi imodzi: UNIMA, MUBAS, KUHeS, MZUNI, LUANAR ndi MUST. Pambali pa amenewa pali makoleji a aphunzitsi monga Domasi ndi Nalikule, a zaumoyo, ndi a ntchito zamanja. Onsewa amayendera msonkho wa anthu omwewo. Tilinso ndi bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziunika ndi kuvomereza makosi. Mwayi wopitiriza maphunziro kwa a dipuloma ulipo ndithu, ndipo timauona m'nyuzi mayunivesite akamaitana akuluakulu amene ali kale pantchito. Koma chaka chimene munthu akayambire chimasiyana malinga ndi malo, ndipo ambiri amachidziwa atalipira kale ndalama yofunsira malo.

Ife a dipuloma bola, tili ndi pepala m'manja. Ganizirani mwana amene waphunzira zaka ziwiri payunivesite, kenaka womulipirira wamwalira. Ndili naye mmodzi amene ndinamuphunzitsa ndekha Fomu 4. Pano akugulitsa tomato pamsika wathu. Atafuna kupitiriza kwina kudzera m'maphunziro ophunzira uli kunyumba, anamuuza kuti ayambirenso chaka choyamba. Mayi ake anagulitsa mbuzi zonse m'khola pa zaka ziwiri zija, ndipo lero akuti zakazo sizikuwerengedwa.

Aphunzitsi a kuyunivesite ali ndi mfundo yawo, ndipo tiimve. Amati digiri imatuluka m'dzina lawo, choncho sangavomereze phunziro limene sanalione mmene linaphunzitsidwira. Pamenepo akunena zoona, makamaka pa maphunziro okhudza moyo wa munthu monga udotolo. Nanenso sindingafune kuti aliyense wobwera ndi kapepala azidumpha makalasi. Koma ngati kosi ya pakoleji ya boma yaunikidwa n'kuvomerezedwa ndi bungwe la boma lomwelo, kukayikako kukuchokeranso pati? Ngati kosiyo ndi yoperewera, aikonze kapena aitseke. Kuisiya kuti izilandira ana chaka ndi chaka, kenaka n'kumawakana potuluka, n'kulanga wosalakwa.

Tikumbukirenso kuti wobwereza saluza yekha. Mpando umene wakhalapo m'chaka choyamba ukanakhala wa mwana wina amene wakhoza bwino MSCE koma wasowa malo. Ngati akuphunzira pa ngongole ya boma, ndiye kuti bungwe lopereka ngongole lalipira kawiri phunziro limodzi. Ndipo sukulu ngati yathu, imene imasowa aphunzitsi a sayansi, imadikira chaka china chowonjezera mphunzitsi wake asanabwerere. Mayi wanzeru sapita kuchigayo ndi mphale n'kukalipiranso ndalama yokonolera.

Pempho langa kwa unduna, NCHE ndi aphungu athu si lalikulu. Pakhale mndandanda wosindikizidwa, wofika mpaka pabolodi ya sukulu ya kumudzi, wonena kuti dipuloma yakuti ya pakoleji yakuti imalowetsa munthu chaka chakuti pa digiri yakuti, ndipo mayunivesite onse a boma aziutsatira. Maphunziro ofanana a chaka choyamba ndi chachiwiri akhale ndi nambala imodzi. Akakana makirediti a munthu, amulembere chifukwa chake ndipo akhale ndi kokadandaula. Amene wasiyira panjira chifukwa cha fizi kapena matenda, makirediti ake asungidwe kwa zaka zodziwika bwino, kuti akapeza mphamvu akapitirize pamene analekera.

Mtsikana wa ku Mchinji uja walowerera kale, ndipo pa mayeso a sabata yatha anali wachitatu m'kalasi. Anandiuza kuti akufuna kudzakhala namwino, ayambire dipuloma kenaka adzakwere. Ndinamuuza kuti alimbikire. Za chaka chimene adzayambire akadzafuna digiri sindinamuuze kanthu, poti ndinalibe pepala loti ndimuonetse.