NKHANI ZA MAKINA: Pulagi Ikada, Funani Chimene Chaidetsa

Nkhani iyi ndi ya inu nonse eni njinga zamoto m'boma la Mulanje, makamaka inu a kabaza amene mumanyamula anthu ndi katundu pakati pa Chitakale, Limbuli ndi Muloza. Sabata ino tikambirane za nthenda imene ili kudya ndalama za ambiri a inu. Njinga ivuta kulira m'mawa, itulutsa utsi wakuda, imwa petulo wambiri, ndipo pachitunda ichita befu. Mwini wake amasula pulagi, naipeza yakuda bii, nagula ina. Popita masiku atatu yatsopanoyo yadanso. Pamenepo ayamba kunena kuti mapulagi a makono ngachabe, kapena kuti mnzake wa pasiteji wamuchita chipongwe.

Abale, pulagi ndi mthenga chabe. Ntchito yake apa ndi kukuuzani zimene zili kuchitika m'kati mwa injini, ndipo kugula ina musanachize gwero la nthendayo ndiko kutaya ndalama.

Injini imadya zinthu ziwiri, petulo ndi mpweya, ndipo kabuleta ndiyo imazisakaniza. Mpweya ndiwo uyenera kuchuluka koposa. Kuti lita imodzi ya petulo ipse bwino ifuna mpweya wokwana malita ngati 9,000, ndiko kuti migolo 45 ya malita 200. Mpweya ukachepa, kapena petulo akachuluka, moto wa m'injini ufanana ndi wa koloboyi wotulutsidwa chingwe kwambiri: utsi ndi mwaye basi. Mwayewo umamatirira pa pulagi, ndipo magetsi, m'malo modumpha pakamwa pake, amangotsetsereka m'mwayemo, moto osayaka.

Tsono phunzirani kuwerenga pulagi. Yendani ulendo wautali pang'ono, zimitsani injini, idikireni izizire, ndipo masulani pulagi muione kunsonga. Ikaoneka ngati tiyi wothira mkaka, zonse zili bwino. Ikakhala yakuda ndi youma ngati kunsi kwa mphika, petulo wachuluka. Ikakhala yakuda koma yonyowa ndi yonanda, ameneyo ndi oyilo, nthenda ina. Ikayera mbee, petulo wachepa ndipo injini ili kutentha koposa muyeso.

Njinga zambiri za 125 ndi 150 zochokera ku China zili ndi injini yotengera ya Honda CG125, imene inayamba kupangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Chotero malangizo awa akhudza ambiri a inu. Yambani ndi chinthu chosalira ndalama, ndipo konzani chimodzi chimodzi, kuti mudziwe chimene chachiza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba, onani tchoki. Ntchito yake ndi kutseka mpweya polizira injini yozizira, monga m'mawa wa June chiperoni chitagwa. Injini ikafunda, tsegulani. Ambiri amaiwala nayenda tsiku lonse tchoki ili yotseka, ndipo pena waya wake umachita dzimbiri osabwerera bwino.

Chachiwiri, tsegulani bokosi la sefa ya mpweya. Apa ndipo pamakhala mlandu nthawi zambiri, pakuti misewu yathu ya kumidzi ndi fumbi lokhalokha m'chilimwe, ndipo dzinja likafika ndi matope ndi madzi. Sefa ikatsekeka, injini imakoka petulo wambiri m'malo mwa mpweya. Ikakhala ya siponji, itsukeni ndi parafini kapena madzi a sopo, iume ndithu, muidontheze oyilo pang'ono, ndi kuifinya kufikira isadonthenso. Oyilo akachuluka aitsekanso. Ikakhala ya pepala musaitsuke ayi: igugudeni fumbi lichoke, ndipo ikatha gulani ina. Musachotse sefa n'kumayenda popanda, monga amachitira ena. Njinga idzalira bwino masabata owerengeka, koma fumbi lidzapala pisitoni ndi maringi ngati mchenga.

Chachitatu, yang'anani pansi pa kabuleta njinga itaima. Mukaona petulo ali kudontha pa kapaipi kake, dziwani kuti kambale ka kunsi kadzaza koposa. M'kambalemo muli fuloti, kanthu koyandama kamene kamakankha kamsomali kotseka petulo akakwana. Kachitsotso kamodzi kokha kakwanira kulepheretsa kamsomaliko kutseka, ndiponso fuloti ikabooka imamira. Zitsotso zimenezi zimalowa ndi petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu. Ngati simungachitire mwina koma kugula wotere, museferetu pa kansalu koyera, ndipo mumununkhize, pakuti wosakaniza ndi parafini sapsa bwino, nayenso amadetsa pulagi.

Chachinayi, kumbukirani ngati munthu anagwirapo kabuleta. Petulo amadutsa pa jeti, kachitsulo kachikasu ka boo laling'ono. Ena potsuka amatokosa boolo ndi waya, nalikulitsa osadziwa. Jeti yotere siikonzeka, ifunika ina ya nambala yomweyo. Palinso singano imene imakwera mukapotokola moto. Kawirikawiri imakhala ndi timizere tisanu, ndipo kokolowekera kake kamakhala pa mzere wa pakati. Kukakweza mzere umodzi kumatsitsa singano ndi kuchepetsa petulo. Koma ntchito iyi, pamodzi ndi kupotokola kasikuluu ka pambali, ngati simunaionepo, pitani nayo kwa makaniko wodziwa. Safunsa anadya phula.

Zonsezi zikatha, tsukani pulagi ndi kaburashi ka waya, ndipo musaiwotche pa mbaula, chifukwa choyera chake chija chimang'aluka. Injini zambiri za mtundu uwu zimalandira pulagi ya NGK D8EA kapena yofanana nayo, ndipo mpata wa pakamwa pake ukhale mamilimita 0.6 kufikira 0.7. Ikadabe, makaniko aone mphamvu ya magetsi, popeza moto wofooka nawonso umasiya mwaye. Utsi ukakhala wobiriwira ndi pulagi yonanda, kawirikawiri maringi atha, ndipo kabuleta ilibe mlandu.

Chenjezo lina nali. Musachepetse petulo mopitirira pofuna kusunga ndalama. Injini yomanidwa petulo imatentha, ndipo ikhoza kuboola pisitoni. Pulagi yodera pang'ono iposa yoyera mbee.

Kodi kungoisiya nthendayi kuli ndi kanthu? Inde. Petulo wosapsa amatsuka oyilo m'mbali mwa pisitoni, natsikira pansi kukasungunula oyilo yense. Nunkhizani kamtengo koyezera oyilo. Mukamva petulo, sinthani oyilo lero lomwe. Ndiponso ambiri a inu mumagoneka njinga m'nyumba poopa akuba. Tsekani kampopi ka petulo usiku uliwonse, pakuti kabuleta yodontha pafupi ndi nyali kapena mbaula ikhoza kutentha nyumba ana ali m'tulo. Musalize injini m'nyumba: mu utsi wake muli mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha munthu, ndipo umachuluka koposa petulo akamapsa moperewera.

Sabata ya mawa tidzakamba za tcheni ndi mabuleki pa nyengo ya matope. Tsalani bwino, ndipo muyende mosamala ndi anthu amene mwanyamula.