Chidabunthitsa mawu a Soja si ukalamba ayi

Loweruka lapitali ndidakhala madzulo onse pagombe la Nkhotakota, pomwe asodzi amasokera maukonde podikira kuti mwera uleke. Mnyamata wina ankaliza nyimbo za Lucius Banda pafoni, ndipo zonse zidali zakale, za m'nthawi ya makaseti. Nditafunsa chifukwa chake saika za m'zaka zomaliza, bambo wina wachikulire, osadzutsa n'komwe mutu paukonde, adandiyankha kuti zakalezo ndi zawo, pomwe zinazo ndi za anthu a zipani.

Ndikudziwa kuti pa chikhalidwe chathu munthu akagona timangonena zabwino zake. Soja adatisiya pa 30 June 2024 m'chipatala ku Johannesburg, ndipo ine ndidalira nawo. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Pali oimba amoyo amene aima pamphambano yomwe iye adaimapo, ndipo nkhaniyi ndikulembera iwowo.

Ine ndidasiya sukulu ya ukachenjede fizi itavuta, choncho musandifunse digiri ya zoimbaimba. Ndili ndi makutu basi. Makutu amenewa adakula akumva kaseti ya bambo anga ya Son of a Poor Man, chimbale choyamba cha Lucius, chomwe chidamveka m'nyengo ya riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Inu akuluakulu amene mudabwerera kumudzi kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi Harare mukukumbukira kuposa ine mmene nyimbo ya Mabala inkakhalitsira anthu chete m'basi. Mnyamata wa ku Balaka, wobadwa mu 1970, amene adaphunzira kuimba mu Alleluya Band pambali pa mkulu wake Paul, adanena poyera zomwe mabanja ankanong'onezana kwa zaka makumi atatu. Mphamvu ya mawu akewo inkachokera kuti? Ankaimba zomwe adaziona, ndipo padalibe bwana woti ayambe wamuyang'ana kumaso asanatsegule pakamwa.

Ena amati luso limatha ndi ukalamba. Bodza! Soja wamwalira ali ndi zaka 53, msinkhu womwe munthu amayamba kumene kudziwa kulemera kwa mawu. Ena amati adalemera, n'kuiwala umphawi. Apanso sindikuvomereza, pakuti woimba kudya thukuta lake si tchimo. Chimene chidabunthitsa mawu ake ndi mpando.

Mu 2004 Lucius adaimba Yellow, nyimbo ya kampeni ya UDF, ndipo chaka chomwecho adalowa ku Nyumba ya Malamulo ngati phungu wa Balaka North. Taganizirani mmene nyimbo ya kampeni imapekedwera. Yankho amakupatsiratu usanafunse funso. Mdani amakusankhira ndi ena. Ntchito yako n'kungopeza mawu ogwirizana ndi dzina la bwana ndi mtundu wa nsalu. Wopeka amene wazolowera ntchito yotereyi amasiya kuyang'anitsitsa, ndipo nyimbo zake zimayamba kudzala ndi mawu akuluakulu monga umodzi, chikondi ndi chitukuko, mawu amene sapweteka aliyense chifukwa saloza aliyense.

Wina anditsutsa kuti: nanga Cell 51 Maximum? Zoonadi. Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF mu 2005, Lucius adalimbana naye, ndipo mu 2006 adakalowa kundende ya Zomba pa mlandu wa satifiketi ya sukulu, n'kutuluka patapita miyezi yochepa atachita apilo. Chimbale chomwe adatuluka nacho m'mutu chidali ndi mano. Koma umenewu ndi umboni wanga, osati wanu. Mawu adanolekanso chifukwa mwini wake adagona pansi pamodzi ndi anthu wamba, nadya mgaiwa wawo. Komabe china chidali chitatayika kale. Womvera adayamba kudzifunsa: kodi akulira pano ndi mwana wa mmphawi, kapena ndi chipani chomwe chalandidwa boma? Funso limeneli likangolowa m'khutu, nyimbo yataya theka la anthu ake.

Zotsatira mukuzidziwa. Adabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, adalowa UTM mu 2018, ndipo boma la Tonse litalowa mu 2020 adakhala mlangizi wa mtsogoleri wa dziko pa za achinyamata ndi zaluso. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse. Kuno kunyanja petulo wa injini ndi ukonde zidakwera tsiku limodzi, amayi ogulitsa usipa n'kutsala manja ali m'khosi. Chilungamo ndichite: nthawi imeneyo Soja ankavutika ndi matenda a impso, ndipo wodwala sitimulamula kunkhondo. Koma ndikufunsa: akadakhala wathanzi, kodi mlangizi akadaima pa nsanja n'kuimba mtengo wa petulo, m'mawa mwake n'kukalowa mu ofesi ya amene akumulangiza? Inu mukudziwa yankho.

Ife a ku Nkhotakota sitiyenera kuphunzitsidwa komwe mayamiko amathera. Kunali kuno mu 1960 komwe msonkhano waukulu wa MCP udapatsa Dr Kamuzu Banda utsogoleri wa chipani wamuyaya, ndipo mu 1971 umuyayawo udafika pa dziko lonse. Amayi athu adavina mpaka zidendene kung'aluka, akuimba nyimbo zokoma maimbidwe koma zopanda funso ngakhale limodzi. Tidati matipate athetsa zimenezo. Nanga bwanji mu 2009 Joseph Nkasa, katswiri wa miyambi amene Chichewa chimamumvera, adatipatsa Mose wa Lero? Nsalu idangosintha mtundu, gule ndi yemwe uja.

Sindikupempha oimba kuti afe. Evison Matafale adafera m'manja mwa apolisi mu November 2001 atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma la Bakili Muluzi, ndipo dziko lomwe limafuna magazi kuti limve choonadi ndi dziko lodwala. Ndikungonena kuti pakati pa manda ndi mpando payenera kukhala malo oti woimba aimepo, n'kumadya.

Malo amenewo tidawagumula ndife. Kale woimba ankapita ndi nyimbo zake kwa O.G. Issa ku Limbe, makaseti n'kugulidwa m'dziko lonse, iye n'kupeza kangachepe kochokera m'matumba mwa anthu wamba. Lero timapita kwa mnyamata wa kompyuta pamsika, kutidzazira nyimbo mazanamazana pa ndalama yosakwana kugula mulu wa tomato, mwini nyimbo osaona ngakhale tambala. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992, koma ndi oimba angati amene amalipira lendi ndi ndalama za kumeneko? Wailesi ya MBC nayo, pa maboma osiyanasiyana, yakhala ikudziwa nyimbo zoti iike ndi zoti ibise. Tsono wogula amene watsala ndi ndalama m'manja ndani? Wandale. Ifenso atolankhani tisanamizire kuyera, envelopu yomweyo imatipeza, ndipo nkhani zathu zimabuntha chimodzimodzi.

Choncho a Malawi anzanga, ngati tikufuna Soja wina, timugule ife asanagulidwe. Lipirani pakhomo, musalowere kumpanda. Gulani nyimbo kwa mwini wake. Ndipo inu oimba achinyamata, wandale akakuitanani kuti mukhale kutsogolo, kumbukirani kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndale ndi ufulu wanu, palibe angakuletseni. Koma dziwani mtengo wake. Asodzi a pagombe lino sadawerenge mabuku a zopekapeka, koma amadziwa chaka chomwe nyimbo idasiya kukhala yawo.