ZA PAKHOMO PATHU: Jeraniyamu Akakana Kuchita Maluwa

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane za duwa lija limene ambiri a ife tili nalo pakhonde, m'chitini kapena mumphika wakale, la masamba obulungira amene amatulutsa fungo mukawatikita. Dzina lake ndi jeraniyamu. Mayi wina wa kumpingo kwathu anandidandaulira kuti apongozi ake anampatsa kanthambi ka duwali, iye nabzala, nalisamala ngati khanda. Patha chaka tsopano, masamba ali biriwiri, koma duwa ngakhale limodzi silinaoneke. Anali pafupi kulitaya kudzala chifukwa cha manyazi. Ngati inunso zili choncho, musafulumire kutaya.

Choyamba tidziwe kwawo kwa duwali. Makolo a jeraniyamu wa m'miphikayu anachokera ku South Africa, kumene amamera m'nthaka yosasunga madzi, padzuwa. Amalinyero anawatengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo m'chaka cha 1789 katswiri wa zomera wa ku France, Charles L'Héritier, anawaika m'gulu lawolawo lotchedwa Pelargonium. Dzinali likuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza dokowe, pakuti kambewu kake n'kosongoka ngati mlomo wa mbalameyo. Tikadziwa kuti duwali linazolowera dzuwa ndi nthaka youma msanga, zina zonse sizivuta kumvetsa.

Chofunika kuposa zonse ndi dzuwa. Jeraniyamu amafuna kuombedwa dzuwa maola ngati 6 pa tsiku. Mukamuika m'chipinda chochezera, kuseri kwa nsalu ya pazenera, adzatalika n'kuonda, masamba adzatalikirana, ndipo maluwa sadzabwera. Muikeni kumene dzuwa lam'mawa limafika bwino. Inu a kumadera otentha monga Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, mumpatse mthunzi masana m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, chifukwa kutentha kukanyanya amaleka kuchita maluwa. Inu a kumapiri monga Dedza, usiku wa Juni ndi Julayi mumsendeze pansi pa denga kuopa chisanu.

Chachiwiri ndi madzi. Apa ndi pamene ambiri timalakwa chifukwa cha chikondi. Tsinde la duwali n'lonenepa ndipo limasunga madzi. Mukamathirira m'mawa ndi madzulo ngati dimba la mpiru, mizu imaola, masamba apansi amasanduka achikasu, ndipo tsinde limada m'munsi. Pisani chala m'dothi mpaka pamfundo yoyamba. Mukamva chinyezi, dikirani. Likauma, thirirani mokwanira mpaka madzi atulukire pansi, koma osanyowetsa masamba. Chitini chilichonse chibooledwe pansi ndi msomali malo anayi kapena asanu. Nyengo yadzinja, kapena chiperoni chikagwa masiku angapo, miphika ilowe pakhonde.

Chachitatu ndi chakudya. Mnzanga uja anavomera kuti ankatapa yureya m'thumba la abambo la kumunda wa chimanga n'kuthira mumphika. Fetelezayu ali ndi magawo 46 mwa 100 a nayitrojeni, mchere umene umakulitsa masamba. Duwa likaulandira wochuluka limangobiriwira, n'kuiwala ntchito yake. Zitosi zankhuku zaziwisi zimachitanso chimodzimodzi, ndiponso zimatentha mizu. Chimene chimathandiza maluwa ndi potashi, ndipo ameneyu timam'peza m'phulusa la nkhuni. Kasupuni ka tiyi kamodzi ka phulusa lozizira, kowazidwa pamwamba pa dothi kamodzi pa mwezi, n'kokwanira. Musachulutse. Dothi labwino ndi ili: magawo awiri a dothi lakuda, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje, ndi gawo limodzi la manyowa oola bwino.

Chachinayi ndi kukula kwa mphika. Musaganize kuti ndowa yaikulu ndiyo ulemu. Mumphika waukulu duwali limatha nyonga yake pomwaza mizu, ndipo dothi limachedwa kuuma. Jeraniyamu amachita bwino mizu ikadzaza pang'ono mumphika. Mumsamutse pokhapokha mizu ikayamba kutulukira m'mabowo apansi, ndipo mphika watsopanowo ungoposa wakalewo pang'ono chabe.

Chachisanu ndi kudulira. Tsinani nsonga za nthambi zanthete ndi zala kuti tsinde lipange nthambi zambiri, pakuti maluwa amatuluka pa nthambi zatsopano. Duwa lakale limene latalika ngati ndodo lidulidwe ndi mpeni wakuthwa, kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu. Maluwa akafota, thyolani phesi lonse kuchokera pamene laphukira, kuti nyonga isathere popanga mbewu. Mukaona timadontho tonga dzimbiri kunsi kwa masamba, chotsani masambawo ndi kuwatentha matendawo asanafalikire.

Nthambi zimene mwadulazo musataye. Sankhani zotalika masentimita 10, chotsani masamba apansi, zisiyeni pamthunzi maola angapo kuti bala liume, kenaka zibzaleni m'dothi lamchenga lachinyezi pang'ono. Pakatha masabata atatu kapena anayi zidzakhala zitagwira mizu, ndipo mudzakhala ndi chopatsa mnansi wanu monga momwe inunso munapatsidwira.

Mnzanga uja ndinamuuza kuti atulutse mphika wake padzuwa, aleke yureya, achepetse madzi, ndipo adikire masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Inunso yesani zimenezi, ndipo mundilembere kundiuza mmene zayendera kwanuko. Tsalani bwino mpaka sabata yamawa.