KODI WAGANYU WANU APUMULA LITI?

Mkangano wa tsiku lopembedza suzilala m'midzi yathu. M'boma la Chama, kuyambira kwa Mfumu Yaikulu Kambombo kufikira kwa Tembwe, Chikwa ndi Chifunda, alipo Akristu amene amaika makasu pansi dzuwa likalowa Lacisanu, nasunga Loweruka. Alipo enanso amene amayembekeza Sondo. A Seventh-day Adventist, amene anayamba nchito yao m'dziko lino mu 1905 pamene W. H. Anderson anatsegula mishoni ya Rusangu pafupi ndi Monze, agwiritsa tsiku lacisanu ndi ciwiri monga liri mu Eksodo 20. Akatolika, a CCAP ndi mipingo yina asonkhana tsiku loyamba la sabata cifukwa ndilo tsiku limene Yesu anauka kwa akufa. Mtumwi Paulo, mu Aroma 14, analangiza kuti pa nkhani ya masiku munthu ali yense atsimikize mumtima mwake, asaweruze mbale wake.

Ife tiona kuti pakati pa mkangano umenewu funso lalikulu laiwalika: kodi Sabata likafika, apumula ndani?

Werengani Deuteronomo 5. Lamulo silinena za mwini nyumba yekha ai. Lichula mwana wamwamuna ndi wamkazi, wanchito wamwamuna ndi wamkazi, ng'ombe, bulu, ngakhale mlendo wokhala pamudzi. Cifukwa cake capatsidwa pomwepo: Aisrayeli anali akapolo ku Aigupto, kumene munthu sanali ndi tsiku lakelake. Motero Sabata ndi mphatso ya Mulungu kwa munthu amene sangathe kudzipatsa yekha mpumulo.

Tsono taonani zimene zicitika mu January ndi February, nkhokwe zikatha ndipo anthu ayenda kufuna ganyu. Mlimi wopeza bwino avala jekete, atenga Baibulo, napita ku chalichi. Nthawi yomweyo m'munda mwake mwa cimanga kapena thonje muli anthu alikupalira kuti alandire kambale ka ufa. Ena mwa iwo ndi a mpingo wake womwe. Munthu wotere sanasunge Sabata, wangobwereka msana wa mnzace kuti umucimwire. Onaninso amai athu. Bambo akabwera kopemphera akhala pamthunzi, koma mai atunga madzi, atola nkhuni, asinja, aphika kufikira mdima. Kodi lamulo lija linawapatula?

Ena adzati ulimi sudikira munthu. Zoona, mpunga wa ku Chama, umene uchuka kufikira ku Lusaka, ufuna manja ambiri ukakhwima. Ngakhale mfumu ya Aroma, Constantine, polamula mu caka ca 321 kuti oweruza ndi anthu a m'mizinda azipumula pa Sondo, inasiya alimi kuti azigwirabe nchito m'minda. Koma Eksodo 34:21 sanamsiye kunja mlimi: anena kuti kupumula kukhalepo ngakhale m'nyengo yolima ndi yokolola. Makolo athu anati tsiku limodzi silioza mbewa. Munda umene walimidwa mokhulupirika masiku asanu ndi limodzi sudzafa cifukwa ca lacisanu ndi ciwiri, koma thupi losapumula ligwa khasu liri m'manja.

Komanso tisasandutse Sabata goli. Anthu a m'cigwa ca Luangwa adziwa kuti njovu siwerenga masiku. Zikalowa m'munda usiku umodzi, cakudya ca caka conse catha. Amene acezera kulinda munda wake, kapena anyamula wodwala pa njinga kupita naye kucipatala, sanalakwire Mulungu. Yesu mwini anaciritsa pa Sabata mkazi amene anapindika msana zaka 18 (Luka 13), ndipo mu Mateyu 12 anakumbutsa omutsutsa kuti iwonso akanaturutsa nkhosa yao m'dzenje tsiku lomwelo. Kupulumutsa moyo ndi kwina, kuonjezera phindu ndi thukuta la wosauka ndi kwinanso.

Pa 29 December 1991 Mtsogoleri Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lacikristu. Mau amenewo ayesedwa pakhomo pathu. Waganyu alandire malipiro ake dzulo lace la tsiku lopumula, kuti njala isamtume kumunda. Wolemba anchito amene asunga Sondo amasule wa Loweruka pa tsiku lake, ndipo wa Loweruka acite cimodzimodzi. Abambo ndi anyamata athandize kutunga madzi ndi kuwaza nkhuni tsiku lisanafike, kuti amai nawonso akhale pansi. Mafumu a midzi, poika misonkhano ndi nchito za citukuko, akumbukire masiku onse awiri. Abusa ndi akulu a mipingo, pamene muphunzitsa anthu tsiku loyenera, afunseninso amene amsiya kumunda.